Mchenga wosunga madzi: kuyenda pansi m'zitunda ndi m'madambo a iSimangaliso

M'tauni yaing'ono ya St Lucia, kumpoto kwa chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, muli zikwangwani zochenjeza anthu kuti asamale ndi mvuu usiku. Sanaziike kuti alendo azijambulitsapo ayi. Kukangoda, mvuu zimavuuka, n'kuwoloka msewu wa phula kukadya kapinga pakhomo pa nyumba zogona alendo, ndipo m'mawa mumapeza ndowe zili mbwee m'mbali mwa msewu. Munthu wa ku Liwonde kapena ku Chikwawa sangazizwe ndi mvuu. Anakula nazo, mwinanso zinamudyerapo chimanga. Chimene chingamuimitse mutu n'chakuti, ataima pamwamba pa chitunda chimodzi m'mwezi wa Ogasiti, mbali iyi akumva mvuu zikulira m'madzi a matope, mbali inayo akuona namgumi akupemerera madzi m'mwamba m'nyanja yamchere. Pakati pa ziwirizi palibe khoma la simenti, palibe phiri la miyala. Pali mchenga basi.

Malowa ndi paki ya iSimangaliso, dzina la Chizulu lotanthauza chozizwitsa. Mpaka mu 2007 inkatchedwa Greater St Lucia Wetland Park. Yatambalala makilomita pafupifupi 220 m'mphepete mwa nyanja ya Indian Ocean, kuchokera ku Maphelane kumwera kukafika ku Kosi Bay kumalire ndi Mozambique. Mu Disembala 1999 bungwe la UNESCO linaiika pamndandanda wa malo amene ndi chuma cha dziko lonse lapansi, pamodzi ndi Robben Island ndi mapanga a Sterkfontein. Awa ndiwo anali malo oyamba a South Africa kulowa pamndandandawo, pamene paki yathu ya ku Cape Maclear inali italowa kale mu 1984. Mkati mwa iSimangaliso muli malo anayi otetezedwa ndi pangano la Ramsar, pangano la madambo lomwe linasainidwa ku Iran mu 1971, lomwenso limateteza nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh kwathu kuno. Mitundu ya mbalame imene yawerengedwa kumeneko imaposa 500.

Alendo ambiri amalowa pachipata cha Bhangazi pagalimoto, n'kuthamangira ku Cape Vidal, makilomita 30 ndi pang'ono kuchokera m'tauni, kukasambira ndi kuwotcha nyama. Palibe cholakwa, koma ine ndimaona kuti amataya zambiri. Malo ano sawerengeka uli pawindo la galimoto. Amafuna mapazi, chifukwa nkhani yake yonse yalembedwa pansi, ndipo imasintha mukangoyenda mamita ochepa.

Tiyambire pamene mafunde akuswekera. Mchenga wonyowa uli ndi timaenje tambirimbiri, ndipo mukaima phee kwa mphindi imodzi, nkhanu zotuwa ngati mchengawo zimayamba kusuzumira, maso ali njo pamwamba. Mukangosuntha phazi, zonse zimalowa nthawi imodzi. Yang'anitsitsani mchengawo. Muona mizere yakuda bii imene madzi asiya pobwerera, ngati wina wawaza phulusa la makala. Musaiiwale mizere imeneyi, tibwererako, chifukwa inatsala pang'ono kuthetsa malo onsewa.

Mchenga umenewu suchokera pansi pa nyanja pokha. Wambiri umabwera ndi mitsinje monga Thukela ndi uMfolozi, imene imakokolola nthaka kumtunda n'kukaitaya m'nyanja. Mafunde amaukankha pang'onopang'ono cha kumpoto motsata gombe, n'kuulavula pamtunda. Ukauma, mphepo imaunyamula. Ukanakhala wokha ukanangouluka mpaka kalekale, koma pamwamba pang'ono pa malire a mafunde pamamera zomera ziwiri zitatu zosaopa mchere. China n'choyanga pansi, maluwa ake ofiirira, masamba ake ogawikana ngati chiboda cha mbuzi. Ndi mbale wake wa mbatata, moti mukaona duwa lake mumakumbukira kholowa. China chili ndi masamba onenepa, ndipo mchenga ukachikwirira sichifa, chimangophuka pamwamba. Mchenga uwonjezeke, nacho chikwere. Mpikisano umenewu ndiwo umamanga chitunda. Kumbuyo kwa chitunda choyamba, kumene mphepo yafooka pang'ono, kumamera zitsamba. Zitsamba zikagwetsa masamba kwa zaka zambiri, mitengo imapeza podalira. Zitunda za kuno zatenga zaka masauzande ambiri zikukwera motero, ndipo cha ku Maphelane chimaposa mamita 180. Zili m'gulu la zitunda za mchenga zokutidwa ndi nkhalango zazitali kwambiri padziko lapansi.

Pokwera, onani mmene zitsamba zoyang'ana kunyanja zilili. Zonse zapendekera kumtunda, pamwamba pake pali see ngati mpanda wa maluwa wometedwa ndi sizasi. Wometa wake ndi mphepo ya mchere, imene imawaula nsonga iliyonse yofuna kutumphuka kuposa zinzake. Kenako mumadutsa pamsonga, n'kutsikira tsidya linalo, ndipo chinthu choyamba chimene mumazindikira si cha m'maso koma cha m'khutu. Mkokomo wa nyanja, umene mwakhala nawo kuyambira m'mawa, umangoti zii. Mwalowa m'nkhalango yamdima, yozizira, ya mitengo yokhotakhota, ziyangoyango zolendewera, ndi zomera zazitali zonga nthochi zakutchire.

M'nkhalango imeneyi wothamanga saona kanthu. Nyama za muno n'zazing'ono ndi zamanyazi. Njira yabwino ndi kuima, kumvetsera kumene kukugwa zipatso. Kumene zikugwako kuli anchima m'mwamba, anyani akuda aja a m'nkhalango, amene amadya mosasamala, kuluma kamodzi n'kutaya. Pansi pawo, kawirikawiri, pamakhala gwape wofiira, msinkhu wake ngati kamwana ka mbuzi, akutola zotsalazo, kamchira kali piringupiringu. Akakuonani amaima kaye, mwendo umodzi uli m'mwamba, ndiye n'kulowa m'thengo mutu uli pansi. Kwinaku kumamveka mbalame yolira mokhosomola. Mukakweza maso muona nkulukulu ikuthamanga panthambi ngati gologolo, ndipo ikatambasula mapiko pamaoneka kufiira kwa psuu kumene simunayembekeze. Azulu amaitcha mbalame ya mtundu umenewu igwalagwala, ndipo kanjira kotchuka koyendamo pansi kumapeto kwa tauni ya St Lucia kanatenga dzina lomweli. Nthenga zake zofiira n'zimene a banja lachifumu ku Eswatini amazika kumutu.

Koma pansi pa mitengo ikuluikuluyi palibe nthaka yeniyeni. Mukafukula ndi chala, mupyola kagawo kakang'ono ka masamba owola, kenako mchenga woyera mbee. Nkhalango yonse yaima pa kachikopa kopyapyala. N'chifukwa chake oyang'anira paki amaika matabwa ndi masitepe m'njira zokwera zitunda, n'kumachonderera anthu kuti asadule njira. Mapazi akapha zomera pamalo amodzi, mphepo imapeza polowera, imakumba khwawa, ndipo mchenga umene unagona zaka mazana umadzuka n'kuyamba kukwirira mitengo ya kumbuyo. Bala lotere limachedwa kupola.

Tsopano funso limene limatsegula nkhani yonse: mvula ikagwa pazitundazi, madzi amapita kuti? Kugombe kuno kumagwa mvula yambiri, mamilimita 1,200 kapena kuposa pachaka, pafupifupi kuwirikiza kawiri imene imagwa kumtunda cha kuphiri la Lebombo. Komabe pazitunda simuona mtsinje ukutsetsereka. Madzi onse amamira. Amene anafukulapo mchenga m'mtsinje wouma m'mwezi wa Okutobala, n'kudikira kuti madzi oyera abwere pang'onopang'ono m'kadzenje, akudziwa kale chinsinsi chake. Mchenga umamwa madzi msanga koma umawatulutsa mochedwa. Chitunda chonsechi ndi mtsuko waukulu. Madzi amene chamwa m'dzinja chimawatulutsa chaka chonse m'munsi mwake, ndipo ochuluka amatulukira kumadzulo, kumene amadzaza zithaphwi, madambo ndi nkhalango za m'madzi, asanakathire m'nyanja ya St Lucia, imene ili kuseri kwa zitundazi. M'dambo la Mfabeni, kumbuyo kwenikweni kwa zitunda, pansi pakhala ponyowa kwa nthawi yaitali kwambiri moti zomera zakufa siziwola n'kutheratu. Zaunjikana mpaka mamita pafupifupi 10 kuya kwake, ndipo za pansi penipeni zili ndi zaka zoposa 40,000.

Kumpoto, nyanja ya Sibaya, imene ndi yaikulu kuposa nyanja zonse zachilengedwe za madzi opanda mchere ku South Africa, ilibe mtsinje waukulu woithira, ilibenso wotuluka. Imakhalira mvula ndi madzi a pansi pa mchenga. Choncho mukaona mphoyo, anakodzwe ndi njati zikudya m'dambo lobiriwira pakati pa chilimwe, kapena nantchengwa akuvundula matope ndi phazi m'mbali mwa chithaphwi, dziwani kuti mukuona ntchito ya chitunda chimene mwatsika chija.

Zimenezi anthu anaziphunzira mowawa. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, boma la tsankho linadzala paini pamahekitala masauzande ambiri kum'mawa kwa nyanja ya St Lucia, ndipo mbali zina kunadzalidwanso bulugamu. Aliyense amene anaonapo dambo la kwawo likuuma bulugamu atadzalidwa m'mphepete akudziwa chimene chinatsatira. Mitengo imeneyi imamwa chaka chonse, mizu yake imafika kumene udzu sufika. Zithaphwi zinauma, madzi otsikira kunyanja anachepa. Pakiyi itakhazikitsidwa, ntchito yaikulu inali kugwetsa mitengo imeneyi, ndipo itachoka, madzi anabwerera m'malo amene achinyamata sankadziwa n'komwe kuti panali thamanda. Mukamayenda lero mumaonabe zitsa zakale za paini m'udzu. Njovu anazibweretsanso mu 2001 kuchokera ku paki ya Hluhluwe-iMfolozi. Koma kunja kwa mpanda wa paki minda ya bulugamu ikadalipo, ndipo madzi a Sibaya akhala akuphwa kwa zaka zambiri. Akatswiri amaloza chala chilala, mitengoyo, ndi madzi amene anthu amapopa.

Painiyo sanadzalidwe pamalo opanda anthu. Apa ndi pamene wolondolera alendo wina amafulumira kudutsa, koma sipofunika kudutsa. Kum'mawa kwa nyanjayi kunkakhala anthu a Bhangazi, olima, oweta ng'ombe, osodza. Pakati pa 1956 ndi 1974 anasamutsidwa mokakamiza kuti papite mitengo. Ena, cha kumpoto kwa nyanjayi, anachotsedwa pamene asilikali anatsegula malo oyeserapo mizinga mu 1968. Tsankho litatha, anthuwa anadandaula kuti malo awo abwezedwe. Dandaulo la a Bhangazi linathetsedwa mu 1999: analandira chipukutamisozi cha ndalama, koma malowo anakhalabe a paki. Madera ena mpaka lero mkangano ulipo pa za kusodza ndi maukonde, kulima m'madambo, ndi nyama zimene zimathyola mpanda kukaononga mbewu. Mukaima pamalo oonerapo patali, n'kumati kukongola kwake ngati sipanapondepo munthu, kumbukirani kuti pansi pa udzuwo pali mabwinja ndi manda, ndipo eni ake akadali moyo tsidya lina la nyanja.

Tibwerere ku mizere yakuda ija. Ndi timiyala tolemera totchedwa ilmenite, rutile ndi zircon. Mwa tiwiri toyambato mumachokera chitsulo cha titanium, imene ufa wake woyera umalowa mu penti, m'mankhwala otsukira mano ndi m'mafuta oteteza khungu kudzuwa. Kumwera kwa pakiyi kampani ya Richards Bay Minerals yakhala ikukumba zitunda kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Kakumbidwe kake n'kotere: amakumba dziwe pakati pa chitunda, n'kuyandamitsapo makina amene amayamwa mchenga kutsogolo, kupatula timiyala tolemera, n'kulavula wotsalawo kumbuyo. Dziwelo limayenda pang'onopang'ono, likudya chitunda. Pambuyo pake amaunjikanso mchenga n'kudzalapo mitengo.

Mu 1989 kampaniyi inafuna kulowa m'zitunda za kum'mawa kwa St Lucia. Mfundo zake sizinali zopusa: ntchito, misonkho, ndalama zakunja, m'dera la anthu osauka kwambiri, komanso lonjezo lakuti chitunda adzachimanganso. Otsutsa anafunsa funso la madzi lija. Mungaunjike mchenga n'kufika msinkhu wakale, mungadzale mitengo n'kumera, koma kodi mtsuko umene mwauphwanya n'kuuumbanso udzatulutsa madzi mofanana, mbali yomweyo, pa nthawi yomweyo? Anthu pafupifupi theka la miliyoni anasaina chikalata chokana. Komiti yotsogoleredwa ndi Jaji Ramon Leon inamva mbali zonse ndipo mu 1993 inalangiza kuti mgodi usatsegulidwe. Mu 1996 nduna za boma la Nelson Mandela zinagamula chimodzimodzi, n'kusankha zokopa alendo m'malo mwa mgodi. Patangotha zaka zitatu UNESCO inabwera. Ngati ntchito zimene zinalonjezedwa kudzera mwa alendo zafika kwa anthu a m'midzi yozungulira mokwanira, imeneyo ndi nkhani imene amakanganabe. Ifenso nkhaniyi isatipite patali, poti mchenga wakuda womwewu uliponso ku Makanjira, ku Chipoka ndi m'mbali mwa Chilwa.

Zitunda zili ndi alendo ena amene amabwera usiku wokhawokha. Kuyambira mu Novembala mpaka chakumayambiriro kwa chaka, akamba a m'nyanja a mitundu iwiri, loggerhead ndi leatherback, amatuluka m'mafunde kudzaikira mazira, makamaka kumpoto cha ku Sodwana Bay ndi Bhanga Nek. Leatherback ndi chinyama chachikulu, chotha kupitirira makilogalamu 500, chopanda chigoba cholimba koma chikopa chokhala ndi mizere. Wamkazi amadzikoka pamchenga movutikira, akupuma mwaphuma, mpaka kupitirira pamene mafunde amalekezera. Amakumba dzenje ndi miyendo yakumbuyo, mosinthanasinthana, kutapa mchenga ngati munthu wotapa ufa ndi chikhato. Amaikira mazira pafupifupi 100, ofewa, ozungulira, n'kukwirira, n'kumwaza mchenga ponseponse kuti asokoneze ang'azi ndi adani ena, n'kubwerera. M'mawa pamatsala mkukuluzi wake, wotakata ngati padutsa thirakitala.

Mazirawo amawafungatira ndi mchenga, kwa miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono. Kutentha kwa mchengawo ndiko kumagamula kuti ana adzakhala aamuna kapena aakazi: ukatentha kwambiri, ambiri amakhala aakazi. Tianato tikaswa, timatuluka usiku n'kuthamangira kumene kukuwala, ndipo pagombe lopanda magetsi kowala ndi kunyanja, chifukwa kumbuyo kuli mdima wa chitunda. Tochi imodzi, kapena kuwala kwa foni, kumatha kutitembenuza n'kutilozetsa kuthengo. N'chifukwa chake kukaona akamba kumaloledwa pokhapokha muli ndi wolondolera wovomerezeka, amene amakuimikani patali mpaka kamba atayamba kuikira, pamene sasokonezekanso msanga. Nkhanu zotuwa zija, zimene masana zimaoneka zamantha, usiku ndizo zimagwira tianati. Akatswiri amayerekeza kuti mwa 1,000 amene amakula ndi mmodzi kapena awiri. Ntchito yowerenga ndi kuteteza akamba kuno inayamba mu 1963 ndipo siinaimepo, moti ndi imodzi mwa ntchito zakale kwambiri za mtundu umenewu padziko. Ma loggerhead achuluka ndithu kuchokera nthawi imeneyo, koma ma leatherback akadali ochepa. Lamulo loletsa magalimoto kuyenda pagombe, limene linayamba kugwira ntchito chakumayambiriro kwa 2002, linakwiyitsa asodzi a mbedza ambiri, koma kamwana ka kamba kakagwera mumkwasa wa tayala kamangoyenda motsata mkwasawo mpaka dzuwa litakapha.

Za kayendedwe, zambiri n'zimene munthu wokulira kufupi ndi Shire anauzidwa ali mwana. Tinjira ta pafupi ndi tauni, monga Igwalagwala ndi kamlatho ka matabwa kopita kugombe, mumayenda nokha masana. Kumene kuli njati, njovu ndi zipembere muyenera kukhala m'galimoto kapena kutsagana ndi mlonda. Nyanja ya St Lucia ili ndi mvuu pafupifupi 800 ndi ng'ona zoposa 1,000, ndiye m'mphepete mwa madzi si posambira m'manja. Njira ya mvuu imadziwika: mikwasa iwiri yoyandikana, pakati pali kamzere ka udzu, ndipo pazitsamba pali ndowe zowazidwa ndi mchira. Mukaipeza m'mawa kwambiri kapena madzulo, musaime pakati pa mwini wake ndi madzi. Mvuu imadya udzu wokwana makilogalamu 40 usiku umodzi, ndipo zimene imakatulutsa m'madzi masana ndiye manyowa amene amadyetsa tizilombo, tizilombo n'kudyetsa nsomba, nsomba n'kudyetsa nkhwazi imene mukuijambulayo. Anamgumi amadutsa kuyambira mu Juni mpaka mu Novembala, popita kukaswana kumadzi ofunda cha ku Mozambique ndi pobwerera. Mbalame zambiri zochokera kutali zimabwera m'nyengo ya mvula. Ndiye palibe mwezi umene mungaone zonse.

Si onse olowa m'paki amene amabwera kudzaona. Cha m'mwezi wa Meyi amayi ambirimbiri amaloledwa kulowa kudzamweta ncema, mlulu wa m'madzi a mchere umene amalukira mikeka yogonapo ndi yopereka paukwati. Ndipo ku Kosi Bay, kumene nyanja zinayi zalumikizana ngati mikanda mpaka kukafika kunyanja yamchere, a Thonga amavuula nsomba ndi mipanda ya timitengo yokhotakhota, yolondolera nsomba m'kakhola kamene zimalowa koma osatulukamo. Wa ku Chilwa angaizindikire msanga, ndi msuwani wa biyo ndi mono. Mipandayi imasiyidwa kuchokera kwa bambo kupita kwa mwana, ndipo akuti luso limeneli lakhalapo zaka 700. Mipata yake amaisiya yoti tinsomba tating'ono tipulumuke, ndipo pakati pa mtsinje pamayenera kutsala njira.

Chatsala ndi chitunda chimodzi, chachifupi kuposa zonse, koma ndicho chadanitsa anthu kwambiri. Nyanja ya St Lucia ndi yotakata, masikweya kilomita pafupifupi 350 madzi akadzaza, koma ndi yosaya, malo ambiri mita imodzi yokha. Madzi otere dzuwa limawamwa msanga, monga momwe limachitira ndi Chilwa, imene inaphweratu mu 1995. Kusiyana kwake n'kwakuti St Lucia ili ndi khomo lotulukira kunyanja yamchere, ndipo pakhomopo mafunde amaunjikapo mchenga nthawi zonse. Madzi a mitsinje akachuluka amakankha mchengawo, khomo n'kutseguka. Akachepa, limatsekeka. Likakhala lotseguka, ana a nsomba ndi a ma prawn, abale ake a nkhanu, amene aswedwa m'nyanja yaikulu amalowa kudzakulira muno, m'madzi ofunda, odzaza chakudya, obisika kwa adani, ndipo akakula amabwerera. Ngakhale shaki ya Zambezi, imene inatenga dzina ku mtsinje wathu uja, imalowa kudzaswera muno.

Kale mphamvu yotsegula khomoli inkachokera ku uMfolozi, mtsinje waukulu umene unkakumana ndi St Lucia pamathiriro pomwepo. Koma kuyambira m'zaka za m'ma 1910 alimi a nzimbe anayamba kuumitsa dambo lalikulu la gumbwa ndi bango limene mtsinjewu unkadutsamo, n'kuukumbira ngalande yowongoka. Dambolo ndilo linkasefa matope. Litachoka, matope onse anakatsikira pakhomo la St Lucia n'kulitseka. Mu 1952 akuluakulu anaganiza zowalekanitsa: uMfolozi anaukumbira khomo lakelake, ndipo pakati anaunjikapo mchenga ndi matope kwa zaka zambiri. Vuto la matope linachepa, koma nyanja inataya mtsinje umene unkaipatsa madzi ochuluka pa nthawi ya chilala, ndipo khomo lake linayamba kudalira makina okumba.

Chilango chinabwera mu 2002. Chilala chitakula, khomo linatsekeka, ndipo linakhala chitsekekere kwa zaka zambiri, kupatula miyezi ingapo mu 2007 pamene mafunde a namondwe Gamede analiboola. Nyanja inagawikana kukhala maiwe, malo aakulu anasanduka fumbi loti munthu n'kuwoloka wapansi, ndipo kumpoto madzi otsala anawawa mchere kuwirikiza kangapo kuposa a m'nyanja yaikulu. Nsomba zinafa. Usodzi wa ma prawn kunyanja yamchere cha ku Thukela, umene unkadalira ana okulira muno, unagwa. Chimene chinapulumutsa mvuu, ng'ona ndi tamoyo tambiri m'zaka zimenezo ndi timadzi tija totuluka m'munsi mwa zitunda za kum'mawa, timene sitinaleke kudontha.

Madzi saiwala khwawa. Mu 2012 oyang'anira paki anasintha maganizo a zaka 60, n'kulola uMfolozi kubwerera m'njira yake yakale, ndipo mu 2016 ndi 2017, ndi thandizo la ndalama lodzera ku World Bank, anachotsa gawo la mulu umene unkalekanitsa madzi awiriwa. Mfundo inali yakuti munthu achotse dzanja, khomo lizitseguka ndi kutsekeka lokha. Nyanja inadzazadi. Koma inadzaza ndi madzi opanda mchere, a matope. Bango linafalikira, mitengo yambiri ya mangrove, yomera m'matope a madzi a mchere, inafa chifukwa mizu yake yopumira, ija imatuluka m'matope ngati misomali, inamira kwa nthawi yaitali. Khomo silinatseguke. Madzi anabwerera m'mbuyo n'kumiza minda ya nzimbe, komanso madimba a alimi ang'onoang'ono a ku Sokhulu ndi Dukuduku, amene analibe kwina kolima. Alimi aakulu anapita kukhoti kuti khomo liziboboledwa, koma sanapambane. Mu Januwale 2021 oyang'anira paki analiboola okha ndi makina. Asayansi ena analemba kalata yodzudzula, ndipo nduna ya zachilengedwe ya nthawi imeneyo, Barbara Creecy, inakhazikitsa komiti yofufuza.

Ine mbali imene ndimaimva kwambiri ndi yakuti simungauze mtsinje kuti uzichita zachilengedwe pamene dambo lake losefa matope likadali munda wa nzimbe. Koma simungauzenso mayi amene mbatata ndi nthochi zake zili m'madzi chaka chachitatu kuti adikire chigumula chachikulu chidzakonze zinthu.

Kamlatho ka matabwa kochokera kumapeto kwa tauni kamadutsa m'bango ndi m'mitengo ya mangrove, pamwamba pa matope pamene tinsomba ta maso otuluka timadumphadumpha kunja kwa madzi, n'kukakusiyani pamchenga. Mukayenda pang'ono kumwera mufika pakhomo lija. Mwina mupeza madzi ofiira a uMfolozi akuthamangira m'mafunde, avuwo ndi akakowa atandanda m'mbali kudikira nsomba. Mwina mupeza mchenga wouma, wotalika mamita owerengeka, ng'ona itagona mbali iyi, msodzi ataponya mbedza mbali inayo. Mukafunsa msodziyo, woyendetsa boti la alendo ndi mayi wogulitsa nthochi pamsika wa m'tauni kuti mchengawo uchotsedwe kapena usiyidwe, konzekani kukhala pansi, chifukwa aliyense ayambira mu chaka chosiyana.